Ndalama zoimikira galimoto: wolipira weniweni ndi mayi wapaokala

Atsikana anzathu, mwina mukuti nkhani ya ndalama zoimikira galimoto m'mbali mwa msewu ndi ya mabwana. Ambirife tilibe ngakhale njinga, eti? Koma taimani kaye, nkhaniyi ndi yathu.

Kuno kwa Malemia, malonda ambiri amadalira msewu wa M3 wochokera ku Zomba kupita ku Liwonde. Pa Songani ndi pa Domasi, amene amakhala pa okala, pa benchi la tomato, pa saluni kapena pa dengu la nthochi nthawi zambiri ndi azimayi. Kasitomala wawo ndi wapaulendo: aime mphindi zisanu, agule, apitirire.

Makhonsolo a mizinda ngati Blantyre ndi Lilongwe amatolera kale ndalama zoimikira galimoto, ndipo lamulo la maboma ang'ono la 1998 limapatsa makhonsolo mphamvu yokhazikitsa malamulo awo ndi kutolera ndalama. Chimene chayamba m'tauni sichichedwa kufika pa matauni ang'onoang'ono. Ndiye tilankhuliretu.

Tiwerengetsere. Munthu wofuna mpiru wa ndiwo zamadzulo akauzidwa kuti alipire kaye poimika galimoto, saima. Amakagula kusitolo yaikulu yokhala ndi bwalo lake lomwe amaimika ulere. Sitolo yaikulu yapindula, mayi wapaokala wabwerera kunyumba ndi katundu wofota. Nayenso wa galimoto yobweretsa katundu wa oda sataya ndalama yake, amangoiwonjezera pa mtengo wa hayala. Wolipira ndi mayi yemweyo, amene amadula kale chiphaso cha msika tsiku lililonse, amene mpamba wake unaphwa pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, amenenso ngongole ya banki m'khonde ikumudikira kumapeto kwa sabata.

Sitikunena kuti khonsolo isatolere ndalama. Zinyalala sizidzichotsa zokha, ndipo galimoto yoima tsiku lonse kutsogolo kwa golosale imatsekereza makasitomala ena. Chimene tikukana ndi mtengo umodzi kwa woima mphindi zisanu ndi woima maola asanu ndi atatu. Chilungamo chili pati pamenepo?

Tikupempha khonsolo ya boma la Zomba ndi ya mzinda wa Zomba zinthu zinayi. Mphindi zoyambirira zikhale zaulere, kuti wogula mwachangu asathawe. Pakhale malo otsitsira katundu osalipiritsa. Ndalama iliyonse ikhale ndi lisiti, ndipo zotoleredwa zizimatidwa poyera pa msika. Gawo lina libwerere kumene lachokera: zimbudzi zaukhondo, madzi, ndi magetsi amumsewu kuti mtsikana woweruka usiku ayende mosaopa.

Choposa zonse, mtengo usakhazikitsidwe popanda azimayi ochita malonda pa tebulo. Osati kuitanidwa kudzavina pa tsiku lotsegulira ayi, koma kudzalankhula asanasaine.

Mphamvu tili nayo. Lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza nkhani za boma linayamba kugwira ntchito mu 2020, ndiye kufunsa kuti khonsolo yatolera zingati si mwano. Makhansala amene tinawasankha pa 16 September 2025 ali m'mawodi athu momwemo. Mwana wosalira amafera m'mbereko.

Sabata ino, funsani mayi anu kapena azakhali anu a geni kuti amalipira zingati patsiku asanagulitse kanthu. Mulembe, mubwere nazo ku msonkhano wa komiti yachitukuko ya m'dera lanu. Khansala akazimve kuchokera kwa ife.