Mwana wathu akasankhidwa, akagona kuti?

Chaka chilichonse bungwe la NCHE likatulutsa maina a ophunzira amene asankhidwa kupita ku mayunivesite a boma, kuno ku Phalombe kumamveka nthungululu. Pa Boma, ku Migowi, ku Chiringa, mbiri imawanda msanga kuti mwana wa auje akupita ku Zomba, wa auje ku Bunda. Makolo amayamba kuwerengera za fizi, za sutikesi ndi za laputopu, mwina mpaka kugulitsa nandolo amene amasungira mbewu. Koma pali funso limene limabwera pomalizira, mwana ataima kale pa geti la sukulu ndi katundu wake: kodi usiku uno agona kuti? Achinyamata anzanga, ndi inu makolo athu, ine ndikuti funso limeneli liyenera kukhala loyamba, ndipo ngati mpata ulipo, mwana wa chaka choyamba agone mu hositelo pamodzi ndi anzake.

Pamene Chancellor College inasamukira ku Zomba mu 1973, ophunzira anali ochepa, ndipo wosankhidwa ankapeza bedi ndi chakudya pa sukulu pomwepo. Kuchokera nthawi imeneyo makomo atseguka. Kunabwera yunivesite ya Mzuzu, ya Katolika inatsegulidwa ku Nguludi mu 2006, ya MUST ku Ndata m'boma la Thyolo mu 2014, ndipo mu 2021 University of Malawi inagawidwa, Polytechnic n'kukhala MUBAS, masukulu a zaumoyo n'kukhala KUHeS. Zonsezi n'zokondweretsa. Vuto n'lakuti m'masukulu ambiri a boma mipando ya m'kalasi yachuluka mofulumira kuposa mabedi. N'chifukwa chake ku Chikanda mu Zomba, ku Luwinga mu Mzuzu ndi ku Chitawira mu Blantyre, ophunzira adzaza m'tizipinda ta lendi.

Kusowa kwa malo kumeneku sikupweteka onse mofanana. Mwana wa mu Blantyre ali ndi azakhali ku Chilomoni kapena amalume ku Bangwe. Akasowa bedi amakwera minibasi. Mwana wa ku Nambazo alibe mbale m'tauni. Sadziwa mtengo woyenera wa chipinda, sadziwa njira yoopsa usiku, ndipo mwini nyumba akafuna ndalama za miyezi ingapo nthawi imodzi, iye sadziwa kokadandaula. Ngongole ya ophunzira imene boma limapereka kudzera ku bungwe lomwe linakhazikitsidwa mu 2015 imathandiza, koma lendi, makala, madzi ndi mayunitsi a magetsi zikadya mbali yake, yotsala yogulira ufa ndi ndiwo imakhala yochepa. Za mtsikana amene watuluka mu laibulale cha m'ma 10 koloko usiku n'kumayenda yekha mumdima kupita ku chipinda chake, sindikufuna kuchulukitsa mawu. Mayi aliyense akudziwa chimene ndikunena.

Komabe nkhani yanga si ya ndalama ndi chitetezo chokha. Ena mwa makolo amene ali ndi kangachepe amaona ngati kumupezera mwana chipinda chakechake ndiye kumukonda. Akuti awerenge mwakachetechete, asatengere makhalidwe a ena. Ine ndikuona kuti pamenepo tikuiwala nzeru ya makolo athu akale. Kumudzi mnyamata akasinkhuka sankapitiriza kugona m'nyumba ya amake, komanso sankamumangira nyumba yoti akhalemo yekha. Ankapita ku gowelo, kapena kuti mphala, kukagona ndi anyamata anzake, pamene atsikana ankagona ku kuka kwa agogo. Kumeneko n'kumene munthu ankaphunzira kuti mphasa imagawidwa, kuti wolusa msanga amasekedwa mpaka ataleka, kuti mnzako akapanda kudzuka m'mawa umafunsa chavuta n'chiyani. Akuluakulu ankadziwa kuti pali msinkhu umene mwana amaumbidwa ndi anzake kuposa makolo ake, ndipo anaukonzera malo. Hositelo ndi gowelo la masiku ano.

Taganizani zimene zimachitika m'chipinda cha ophunzira awiri kapena anayi. Amene sanamve bwino m'kalasi amafunsa mnzake wa bedi la m'mwamba, ndipo mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo amayenda kuchoka khomo ili kupita khomo ilo. Malungo akamugwira wina pakati pa usiku, alipo womuperekeza ku chipatala. Amene ndalama zamuthera mwezi usanathe sangabise nthawi yaitali, pakuti anzake amaona kuti lero sanadye, ndipo wina amanamizira kuti wagula buledi wochuluka. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa matope kuchoka m'mapiri athu n'kudula misewu, panali ana a kuno amene anali kutali ku sukulu, akuimba lamya kwao koma osayankhidwa. Tsiku lotero munthu sayenera kukhala yekha m'chipinda chotseka. Akulu anati kali kokha n'kanyama, ali awiri ndi anthu, ndipo masiku ano pamene tikumva kawirikawiri za achinyamata odzichotsera moyo chifukwa cha nkhawa zimene sanauze munthu, mwambi umenewu sitingauseweretse.

Palinso china. Mlomwe wa kuno amene wakula osapitirira Limbe amadzuka m'chipinda chimodzi ndi Mtumbuka wa ku Rumphi, Myao amene amadzuka m'bandakucha kukaswali, kapena Msena wa ku Nsanje. Nkhani zimene timamva za mitundu ina pa nthawi ya zisankho zimasungunuka mukabwerekana sopo kwa chaka chathunthu. Maphunziro amenewa salembedwa pa satifiketi, koma dziko lino likuwasowa kwambiri.

Sindikunena kuti mu hositelo muli angelo. Muli kuba mafoni ndi zovala pa chingwe, muli phokoso, muli mowa, muli kunyoza ongobwera kumene amene amawatcha mayaro, ndipo zimbudzi zina munthu umalowa utagwira mphuno. Koma zoipa za mu hositelo zimachitika poyera, pomwe pali malamulo, oyang'anira ndi mboni. Zoipa za m'chipinda cha lendi zimachitika kuseri kwa chitseko, ndipo makolo amadzamva mwana atalephera mayeso kapena atabwera ndi pathupi.

Choncho akuluakulu a mayunivesite, pogawa mabedi ochepa amene alipo, ayambe ndi a chaka choyamba, atsikana, aulumali ndi ochokera kumidzi yakutali. Wa chaka chachinayi tauni waidziwa kale. Inu makolo, kalata ikangofika funsani za malo ogona tsiku lomwelo, musanagule sutikesi. Ndipo inu amene muli kale ku makoleji, pa tchuthi afunefuneni azing'ono anu amene angosankhidwa kumene, muwauze kolembetsa ndi nthawi yake. Bedi likasoweka, apezane atatu kapena anayi, achite lendi nyumba imodzi pafupi ndi sukulu, asonkherane ufa ndi makala, agawane masiku ophika, ndipo makolo awo apatsane manambala.

Tisaloze chala ku Chikanda kokha. Kuno kwathu, pafupi ndi masukulu a sekondale oyendera, alipo ana a selofu amene akuchita lendi m'nyumba zathu, ena a zaka 14 kapena 15 zokha, akudziphikira okha kutali ndi amayi awo. Eni nyumba zimenezo ndife, ena timakumana Lamulungu lililonse. Musanalandire ndalama ya mwezi uno, kaoneni ngati chitseko chili ndi loko, ngati denga silikudontha, ngati chimbudzi chili pafupi moti mtsikana angapiteko usiku, ndipo mufunse dzina la kholo lake ndi mudzi umene akuchokera.