SAYANSI-SOUTH AFRICA: Wophunzira Amene Anaphunzitsa Kompyuta Kuona Malire a Tsankho

JOHANNESBURG — Munthu woyenda pa msewu wa Beyers Naudé kuchokera mkati mwa mzinda wa Johannesburg kulowera cha kumpoto chakumadzulo, akadutsa Honeydew, amafika pamalo pamene nyumba za mipanda italiitali zimathera mwadzidzidzi n'kuyamba zisakasa za malata zothithikana, zimene kuno amazitcha mikhukhu. Amenewa ndiwo malo a Zandspruit. Kalembera wa m'chaka cha 2011 anapeza anthu oposa 30,000 pa kadera kakang'ono kameneka, ndipo pakati pawo pali ambiri ochokera ku Zimbabwe, Mozambique ndi Malawi amene anabwera ku Joni kudzasaka maganyu. Chapafupi pomwepo pali Jackal Creek, mudzi wa anthu opeza bwino wokhala ndi bwalo lake la gofu.

Kusiyana kotereku aliyense amakuona ndi maso. Chovuta kwa zaka zambiri chakhala kukuyeza m'njira yakuti boma, makhoti ndi mabungwe asathe kukana, ndiponso kudziwa ngati kukuchepa kapena kukukula chitheretu ulamuliro wa tsankho m'chaka cha 1994. Mmodzi mwa anthu amene ayesa kuyankha funso limeneli anayamba ntchitoyi ali wophunzira wa sayansi ya kompyuta pa yunivesite ya Witwatersrand, imene ambiri amangoitcha Wits. Dzina lake ndi Raesetje Sefala.

Sefala anakulira ku Lebowakgomo m'chigawo cha Limpopo, lokeshoni imene inali likulu la Lebowa, limodzi mwa madera amene boma la azungu linapatulira anthu akuda. Digiri yake yoyamba ndiponso ya masters anazipeza ku Wits. Njira imene anadzera kuchoka pa zoyeserera za m'kalasi kufika pa kafukufuku wodziwika kunja ndi yofunika kuilondola, chifukwa ikusonyeza zimene wophunzira wa m'chigawo chino amasowa kuti luso lolemba mapulogalamu limufikitse patali.

Chinthu choyamba chinali anthu. M'chaka cha 2017 ku Wits kunachitika msonkhano woyamba wa Deep Learning Indaba, umene akatswiri a mu Africa anaukhazikitsa ataona kuti kumisonkhano ikuluikulu ya luso la AI, lophunzitsa makina kuzindikira zinthu, kunkapezeka anthu a mu Africa owerengeka chabe. Kuyambira pamenepo msonkhanowu wakhala ukuzungulira maiko, ndipo wabala timisonkhano ting'onoting'ono totchedwa IndabaX, timene tachitikanso ku Malawi ndi ku Zambia. M'gulu la akatswiri limeneli muli Nyalleng Moorosi wa ku Lesotho, mmodzi mwa amene anayambitsa Indaba, yemwe pambuyo pake anagwira ntchito limodzi ndi Sefala, pamodzi ndi Timnit Gebru, katswiri wobadwira ku Ethiopia.

Chachiwiri chinali ntchito yeniyeni yokhala ndi mwini wake woiyembekezera. M'chaka cha 2018 Sefala anali m'gulu la achinyamata amene anasankhidwa ku pulogalamu ya Data Science for Social Good pa yunivesite ya Chicago. Gulu lake linapatsidwa makanema ochokera m'makamera a m'misewu ya mzinda wa Jakarta ku Indonesia, kuti lilembe pulogalamu yozindikira magalimoto ndi njinga zamoto ndi kuona kayendedwe kamene kangabweretse ngozi. Ntchito yotere imaphunzitsa zimene buku silingaphunzitse: zithunzi zimabwera zosaoneka bwino, mvula imaphimba kamera, ndipo pulogalamu imene inaphunzitsidwa ndi zithunzi za misewu ya ku America imasokonezeka ikaona msewu wodzaza njinga zamoto.

Funso limene anatenga kukhala mutu wa kafukufuku wake wa masters linachokera kwawo. Lamulo la malo la m'chaka cha 1913 linasiyira anthu akuda pafupifupi magawo 7 pa 100 alionse a nthaka ya dzikoli, ndipo lina la mu 1936 linakweza malirewo kufika pa magawo 13. Lamulo la Group Areas la mu 1950 linagawa mizinda potengera khungu, n'kukankhira anthu akuda m'malokeshoni akutali ndi ntchito. Malamulo amenewa anafafanizidwa m'chaka cha 1991, koma misewu, njanji ndi zigwa zimene zinaikidwa ngati malire zidakalipo. Vuto limene Sefala ndi anzake anapeza ndi lakuti bungwe loona za chiwerengero la Statistics South Africa, pogawa madera a kalembera, limaika malokeshoni ndi mayadi m'gulu limodzi la malo okhala anthu ovomerezeka. Papepala, Soweto ndi Sandton ndi amtundu umodzi. Wofuna kudziwa kuti zipatala, masukulu ndi mapaki zagawidwa motani pakati pa madera awiriwa sangapeze yankho m'magulu a bomawo.

Kuti athetse vutoli, anasonkhanitsa zinthu zitatu zimene zinalipo kale koma zosalumikizidwa. Anatenga zithunzi za setilaiti za dziko lonse za zaka za 2006 mpaka 2017 kuchokera ku bungwe la zamlengalenga la SANSA, mndandanda wa malo pamene pali nyumba umene kampani ya magetsi ya Eskom inakonza, ndi malire a madera a kalembera wa 2011. Polumikiza zitatuzi anajambula malire a dera lililonse n'kulipatsa dzina la mtundu wake: mayadi, lokeshoni, zisakasa, mudzi, munda, mafakitale, malo opanda kanthu, ndi ena otero. Kenaka zithunzizo anazidula m'tizidutswa n'kuphunzitsa pulogalamu kuti, ikaona kachidutswa kamene sinakaonepo, inene mtundu wa dera pa kadontho kalikonse ka chithunzicho. Ikaphunzira ndi zithunzi za chaka chimodzi, pulogalamuyo ingagwiritsidwe ntchito pa zaka zina, ndipo pamenepo m'pamene kusintha kwa malo kumaonekera.

Anthu ambiri akamva za AI amaganiza za masamu ozama. Zoona zake n'zakuti gawo lalikulu la ntchitoyi, limene linatenga zaka, linali lotopetsa ndi losapatsa ulemu: kugwirizanitsa mapu amene sakugwirizana, kukonza zolakwika, ndi kuyang'ana ndi maso dera ndi dera kuti aone ngati dzina lapatsidwalo ndi loona. Apa m'pamene kukulira ku lokeshoni kunasanduka chida cha sayansi. Nyumba zofanana kukula, zondandalikidwa m'mizere, mabwalo aang'ono opanda mitengo ndiponso tizipinda tomangidwa kuseri kwa nyumba kuti tibwerekedwe, ndi zizindikiro zimene wokulira kumeneko amazidziwa msanga, pamene katswiri wa ku California angazione ngati mayadi wamba.

Zotsatira zake zinaperekedwa m'chaka cha 2021 ku NeurIPS, umodzi mwa misonkhano ikuluikulu ya luso limeneli padziko lonse, m'pepala limene Sefala analemba ndi Gebru, Moorosi, Luzango Mfupe ndi Richard Klein. Mu December chaka chomwecho Gebru, amene anali atachoka ku Google mokangana mu December 2020, anakhazikitsa bungwe loima palokha la kafukufuku lotchedwa DAIR, ndipo Sefala anakhala mmodzi mwa ofufuza ake oyambirira.

Kodi zonsezi zikutanthauzanji kwa munthu wa ku Zandspruit? Popeza zithunzizo ndi za dziko lonse, derali lilimo, ndipo mbiri yake ndi yamtundu umene mapu otere angathe kuulula. Cosmo City, mudzi waukulu umene unayamba kumangidwa chapakati pa zaka za m'ma 2000 kuti ulandire anthu a m'zisakasa za Zevenfontein ndi Riverbend, uli pafupi kwambiri, koma anthu a ku Zandspruit anatsala pomwe anali. Kangapo konse akhala akutseka msewu wa Beyers Naudé pofuna nyumba, magetsi ndi zimbudzi, monga zinachitikira mu 2011 ndi mu 2016. Chithunzi cha chaka ndi chaka chosonyeza zisakasa zikuchulukana pa nthaka yosakula, pamene midzi ya mipanda ikufalikira pa malo amene anali minda, ndi umboni umene loya kapena komiti ya anthu okhalamo ingapite nawo ku khonsolo. Wojambula Johnny Miller anasonyezapo kale mphamvu ya chithunzi chochokera kumwamba mu 2016, pamene anajambula zisakasa za Kya Sands moyang'anizana ndi mayadi a Bloubosrand, mtunda wochepa kuchokera ku Zandspruit. Kusiyana kwake n'kwakuti chithunzi cha Miller chimagwira mtima pa malo amodzi, pamene ntchito ya Sefala imayeza dziko lonse ndi muyeso umodzi.

Kufunika kwa muyeso wina kunaonekera kwambiri pambuyo pa kalembera wa 2022, amene anapeza anthu pafupifupi 62 miliyoni, koma bungwe la chiwerengero lomwelo linavomereza kuti anthu pafupifupi 31 pa 100 alionse sanawerengedwe mwachindunji. Kumalo ngati Zandspruit, kumene ambiri amachoka m'bandakucha ndi kubwerera usiku, ndipo mlendo wopanda mapepala amaopa aliyense wonyamula fomu, kuwerenga khomo ndi khomo n'kovuta koposa.

Komabe setilaiti ili ndi malire ake, ndipo ndi bwino kuwanena mosabisa. M'zithunzi zimene anagwiritsa ntchito, kadontho kamodzi kamaimira mamita apakati pa 1.5 ndi 2.5 pansi, kotero kuti chisakasa cha mamita atatu m'litali ndi m'lifupi chimangokhala timadontho tochepa. Denga silinena kuti pansi pake pagona anthu angati, kapena ngati mpopi wapafupi ukutulutsa madzi. Silinenanso za mantha. Mu October 2000 anthu a ku Zandspruit anatentha zisakasa zambiri za anthu a ku Zimbabwe, zaka zisanu ndi zitatu zisanachitike zipolowe za mu May 2008 zimene zinapha anthu 62 m'dziko lonse ndi kuchititsa boma la Malawi kutumiza mabasi okatenga nzika zake. Mu May 2021 gulu la anthu linagwira anyamata asanu ndi anayi powaganizira umbanda, ndipo asanu ndi atatu mwa iwo anafa. Palibe chimodzi mwa zimenezi chimene pulogalamu yowerenga madenga ikanachiona chikubwera.

Palinso chiopsezo china chimene ofufuza a mtundu uwu sangachithawe. Mapu osonyeza pamene zisakasa zatsopano zamera angathandize wokonza mapaipi a madzi, koma angathandizenso mwini nthaka kapena khonsolo imene ikufuna kugwetsa zisakasazo anthu asanakhazikike. Lamulo la mu 1998 limaletsa kuchotsa munthu pamalo popanda chilolezo cha khoti, koma kuphwasula kumachitikabe m'mizinda ya dzikoli. Amene asunga mapuwo, ndi amene aloledwa kuwaona, ndi nkhani ya ndale imene luso la kompyuta palokha silingaithetse.

Maiko oyandikana nawo ali ndi malire awoawo otengera kwa atsamunda. Ku Lilongwe, Mtandire wagundana ndi Area 47. Ku Blantyre, Ndirande ndi Nyambadwe akuyang'anizana. Ku Lusaka, komboni ya Kalingalinga siili kutali ndi mayadi a Kabulonga. Zipangizo zoyambira ntchito yofanana ndi ya Sefala zilipo tsopano kuposa kale: mu 2021 ofufuza a Google ku Accra anatulutsa kwaulere mapu a nyumba zoposa 500 miliyoni za mu Africa, ndipo ku Malawi sukulu ya African Drone and Data Academy, imene inatsegulidwa mu 2020 ndi thandizo la UNICEF, yaphunzitsa achinyamata kujambula malo kuchokera kumwamba. Ku yunivesite ya MUBAS mu Blantyre, Amelia Taylor anatsogolera ntchito yosonkhanitsa nkhani za m'nyuzipepala za m'Chichewa kuti makina aphunzire kuzigawa m'mitu, ndipo zinagwiritsidwa ntchito pa mpikisano wa pa Zindi. Chimene chimasowa kawirikawiri ndi ndalama zoti wophunzira akhale zaka ziwiri kapena zitatu pa funso limodzi osathamangira ntchito ya ku banki, ndi mphunzitsi wokhala ndi nthawi yowerenga zimene walemba.

Kwa mwana wa ku Zandspruit weniweniyo, msewu wopita ku Wits ndi wa makilomita osapitirira 30, koma si onse angauyende mofanana. Zionetsero za #FeesMustFall, zimene zinayambira ku Wits komweko mu October 2015, zinachititsa boma kulengeza mu December 2017 kuti ana a mabanja opeza ndalama zosapitirira R350,000 pachaka aziphunzira ulere kudzera m'thumba la NSFAS. Mwana wa nzika ya dzikoli akakhoza bwino masamu angadutse pakhomo limeneli. Mwana wa Mmalawi wogwira ntchito ya m'munda kapena ya m'nyumba ku Honeydew ali pena. Chigamulo cha khoti lalikulu la ku Makhanda cha mu December 2019 chinatsimikiza kuti mwana wopanda mapepala asathamangitsidwe ku pulayimale kapena ku sekondale, koma thumba la NSFAS silithandiza amene alibe unzika kapena chilolezo chokhazikika m'dzikoli. Wotereyu akamaliza sekondale, ngakhale atabadwira ku Johannesburg ndi kukhoza kuposa anzake onse, amayenera kupeza chilolezo chophunzirira ndi kulipira yekha, kapena kubwerera ku Mangochi kapena ku Mzimba kumene mwina sanakhaleko, kukayesa mwayi wa malo m'mayunivesite a kumeneko.