Pempho kwa Amalawi anzathu: mwana akapatsidwa kalata ya ku chipatala cha makutu, akafike



Ife amene tikulemba pempholi ndife makolo, aphunzitsi ndi abale a ana omwe ali ndi vuto la kumva. Chatidzutsa ndi kafukufuku yemwe anachitika m'boma la Thyolo, amene zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2017. Madokotala a kuno kwathu, kuphatikizapo Dr Wakisa Mulwafu, katswiri wa makutu, mphuno ndi kukhosi, mogwirizana ndi anzawo a ku London School of Hygiene & Tropical Medicine, anayeza ana m'midzi. Amene anafunika thandizo lalikulu anawatumiza ku Gulupu, chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Atapanga kalondolondo anapeza kuti mwa ana 150 omwe anatumizidwa, amene anakafika anali 5 okha.

Ofufuzawo sanathamangire kudzudzula makolo. Anabwerera m'midzimo kukafunsa chomwe chinavuta, ndipo mayankho ake tonse tikuwadziwa: ndalama ya kabaza ndi minibasi, mtunda, mantha a chipatala chachikulu chomwe munthu sadziwa khomo lolowera, komanso kusamvetsa chimene dokotala ananena. Ena amaona kuti khutu lotuluka mafinya si matenda oyendera ulendo, popeza mwana akudya komanso akusewera.

Apa ndiye pagona vuto. Mafinya akamatuluka m'khutu kwa milungu, nthawi zambiri ndiye kuti kanembanemba ka m'kati kabooka ndipo tizilombo tikugwira ntchito. Akalekereredwa amawononga timafupa totumiza mawu, ndipo nthawi zina matendawo amakafika ku ubongo. Kudonthezera mafuta ophikira kapena madzi a masamba, kutokosa ndi nthenga ya nkhuku kapena kamtengo ka machesi, n'kuwonjezera moto. Ku chipatala amatsuka khutulo n'kupereka mankhwala odonthezera. Nthawi zina chatseka khutu ndi phula chabe, lomwe amachotsa tsiku lomwelo.

Bungwe la World Health Organization likuti pafupifupi 60 peresenti ya mavuto a kumva kwa ana amachokera ku zinthu zopeweka. Chikuku, matsagwidi ndi matenda oumitsa khosi zimatha kugonthetsa mwana, choncho katemera wa ku sikelo amatetezanso makutu. Malungo aakulu, chikasu cha khanda, ngakhale mankhwala ena amphamvu monga gentamicin ndi kwinini, amatha kusiya chilema m'khutu. Sitikunena kuti mukane mankhwalawa, pajatu amapulumutsa moyo. Tikunena kuti mwana akatuluka m'chipatala atadwala chonchi, muziwafunsa adokotala kuti, "Nanga makutu mwamuyeza?"

Kuyezako sikupweteka. Palibe jakisoni, palibe kutenga magazi. Khanda amaliika kachipangizo kofewa pakhomo pa khutu lili mtulo, kachipangizoko n'kutumiza kamawu kenaka n'kumvetsera ngati khutu layankha, basi m'mphindi zochepa zatheka. Chofunika n'kufulumira, chifukwa ubongo wa mwana umaphunzira chilankhulo m'zaka zoyambirira. Mwana amene sadzidzimuka chitseko chikamenyetsedwa, amene satembenuka mukamuitana ali chakumbuyo, amene wafika zaka 2 asanatchule mawu, musamudikire poti "amalume ake anachedwanso kulankhula". Aphunzitsi, mwana amene amangokuyang'anani pakamwa kapena kuyankha zosiyana ndi funso musafulumire kumuyesa wamwano. Muikeni kutsogolo, ndipo muitane makolo ake.

Thandizo lilipo ndithu, ngakhale ndi lochepa. Ku Gulupu kuli kiliniki yoyeza kumva, ndipo ku Lilongwe kuli ABC Hearing Clinic ku African Bible College. Kumeneko amayeza ndi kuika zipangizo zothandizira kumva. Mwana amene kumva kwake sikungabwerere asabisidwe m'nyumba. Chinenero chamanja n'chinenero chathunthu, ndipo sukulu za Mary View ku Chiradzulu, Mua ku Dedza ndi Embangweni ku Mzimba zaphunzitsa ana otere kwa zaka zambiri. Bungwe la Malawi National Association of the Deaf lilipo kuti liwalankhulire.

Tsono pempho lathu ndi ili. Mwana wa m'mudzi mwanu akapatsidwa kalata, nkhaniyo isakhale ya mayi ake okha. Amfumu ailengeze, mpingo usonkhe ya minibasi monga timasonkhera pa maliro, banki m'khonde ibwereketse, ndipo amene anafikapo ku Gulupu aperekeze mnzake. Makolo, musachoke pamaso pa dokotala musanamve tsiku lopita, khomo lofikira, ndi chimene akachite kumeneko. Kufunsa kawiri si uchitsiru.

Ofufuza akabwera kwanu kudzera kwa amfumu ndi alangizi a zaumoyo, alandireni, koma afunseni mafunso. Akuyenera kukufotokozerani m'chilankhulo chanu, muli ndi ufulu wovomera kapena kukana, ndipo ife tikuti abwerenso kudzatiuza zimene apeza. Ku China, mu 2024, madokotala a ku Shanghai analengeza kuti ana angapo obadwa ndi mtundu wina wa ugonthi wa chibadwa ayamba kumva atalandira chithandizo chokonza majini. Izo zili kutali ndi ife. Zimene zingatithandize msanga ndi kafukufuku wa kuno, wotiuza matenda omwe akugonthetsa ana athu ndi njira yofikitsira thandizo ku zipatala zazing'ono.

Pa 3 Marichi, tsiku lokumbukira za kumva pa dziko lonse, tikupempha sukulu iliyonse ndi mpingo uliwonse kuti aitane mlangizi wa zaumoyo, alembe maina a ana omwe makutu awo akutuluka mafinya kapena akuvutika kumva, ndipo komiti ya m'mudzi ionetsetse kuti aliyense wa iwo wakaonana ndi dokotala.