Pa Likhubula bwana amasintha ulendo uliwonse, kutopa n'komwe kumakhala

Mu July 2025 bungwe la UNESCO lidaika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo a chikhalidwe ofunika padziko lonse. Alendo akachuluka, achinyamata onyamula katundu ndi operekeza alendo pa Likhubula apeza maganyu ambiri. Koma thupi lipirira?

Ntchitoyi ili ndi mabwana ambiri: mlendo wolipira, kampani yomubweretsa, ndi amene amagawa maulendo. Mlendo wina amafuna kufika pa Sapitwa, mamita 3,002, mothamanga ngati ali pa Porters Race. Wonyamula chikwama sangakane, poopa kuti mawa samuitananso. Amatsika mawondo ataphwanyika, m'mawa ali pamzere.

Lamulo la ntchito la 2000 limati maola a ntchito asapitirire 48 pa sabata, ndipo wolembedwa ntchito azipita kutchuthi chaka chilichonse. Waganyu wopanda kontrakiti zimenezi amangozimvera pawailesi.

Ndiye zotani? Mgwirizano uzichitika pansi pa phiri, musanamange nsapato: masiku angati, katundu wolemera bwanji, malipiro angati, mugona pati. Ukangopita pa WhatsApp, umboni ulipo. Mndandanda wa maulendo uzikhala poyera, chifukwa kukondera ndi miseche zimakula mumdima. Ndipo amene wangotsika kuphiri apume osataya malo ake pamzere.

Izi munthu payekha sangazikwanitse, mutu umodzi susenza denga. Mukakana nonse katundu wopyola muyezo, bwana wovuta asowa womunyamulira.