Amene timawasungitsa ndalama ndiwo aimire ukhansala

Kuno ku Kande tili ndi anthu amene timawasungitsa ndalama popanda kulemberana. Alipo amayi osunga bokosi la banki m'khonde, amene chaka chikatha amagawa ndalama pamphasa aliyense akuona, osasowa ngakhale tambala. Alipo aphunzitsi opuma pantchito amene amagwira kope la zopereka pamaliro. Kunyanja kuli akuluakulu a komiti ya padoko amene amalanda ukonde wa udzudzu ngakhale mwini wake akhale mphwawo. Koma ikafika nthawi yoti wina aimire ukhansala, onsewa amabwerera m'mbuyo. Amati ndale n'zauve, amati alibe ndalama zogawa. Ine zimandiwawa, chifukwa mpandowo sukhala wopanda munthu. Abwino akaukana, wina amaukhalabe.

Sindikuwadzudzula kwambiri, poti mbiri ya mpandowu njofooketsa. Lamulo la maboma ang'ono linakhazikitsidwa mu 1998, ndipo tinasankha makhansala mu Novembala 2000. Nthawi yawo itatha mu 2005, dziko linakhala zaka zisanu ndi zinayi lopanda khansala ndi mmodzi yemwe, kufikira chisankho cha patatu cha pa 20 Meyi 2014. Mwana wobadwa chaka chimene makhansala ankachoka anafika sitandade 3 asanaonepo khansala. M'zaka zimenezo tinazolowera kuthamangira kwa phungu wa Nyumba ya Malamulo pa chilichonse, kaya ndi mjigo, kaya ndi mlatho, kaya ndi malata a sukulu. Thumba la chitukuko cha m'dera la phungu (CDF) litayamba mu 2006 chizolowezicho chinazika mizu, ndipo kusintha kwa lamulo mu 2010 kunawapatsanso aphunguwo mphamvu yovota m'khonsolo. Makhansala atabwerera anapeza malo awo atakhalidwa kale.

Mu Meyi 2025 khoti loona za malamulo aakulu a dziko, pa mlandu umene linakasuma bungwe la makhonsolo la MALGA, linagamula kuti aphungu sayenera kuvota m'makhonsolo kapena kuyendetsa ndalama za CDF. Pa 16 Seputembala chaka chomwecho tinasankha makhansala m'mawodi 509. Chigamulo chikhoza kubweza mphamvu, koma chikhulupiriro cha anthu sichibwera ndi woweruza.

Chimabwera motere. Mayi wogulitsa usipa pamsika amalipira chiphaso tsiku lililonse, kapepala kakang'ono kamene amakapinda n'kukamanga kunsonga ya chitenje. Akufuna adziwe kuti ndalama zamsikawo zakwana zingati mwezi uno, ndipo zabwerera zingati kudzakonza chimbudzi kapena shedi. Khansala weniweni amakwera galimoto pamsewu wa M5, kukakhala pa msonkhano wa khonsolo ya Nkhata Bay, kuwerenga bajeti tsamba ndi tsamba, kenaka n'kubwerera kudzaima pansi pa mtengo wa mango ndi kufotokoza m'Chitonga kuti zavomerezedwa ndi izi, zakanidwa ndi izi, kontrakitala ndi uje, mtengo wake ndi wakuti. Ngakhale atabwera ndi uthenga woti chaka chino palibe, anthu amamva, bola awaonetse pepala. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga linayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020, choncho pofunsa mapepalawo sakupempha chifundo kwa wina aliyense. Mayi wa banki m'khonde uja ntchito imeneyi amaidziwa kale, amaichita sabata ndi sabata.

Ifenso ovota tili ndi mlandu wathu. Timamuyesa khansala ndi bokosi la maliro limene wagula komanso thumba la ufa limene wabweretsa pasiwa. Kandalama kamene amalandira sikangakwanire maliro onse a m'wodi, ndiye wofuna kutisangalatsa motero adzafunafuna kwina kotapa, ndipo kotapako n'komwe kunayenera kuchokera simenti ya sukulu yathu. Lamulo la zipani la 2018 linaletsa kugawa ndalama ndi katundu pokopa mavoti, koma lamulolo silingagwire ngati ifeyo tikutambasula manja.

Kwa inu mayi, kwa inu aphunzitsi, zofunika pa mpandowu si zambiri: mukhale wolembetsa m'kaundula wa ovota, wa zaka 21 kapena kuposerapo, wotha kulankhula ndi kuwerenga Chingerezi. Chipani si chokakamiza, mukhoza kuima panokha. Chisankho china chili mu 2030, koma musadikire chaka chimenecho. Yambani kupezeka pa misonkhano ya makomiti a chitukuko a m'mudzi ndi a m'dera (VDC ndi ADC), kumene mapulani a chitukuko amayambira, mufunse za mjigo umene unalembedwa koma sunakumbidwe, ndipo yankho lake mukaliuze anthu pamudzi ngati mmene mwalimvera.