Mwana Agwire Cinthu Asanalembe Dzina Lake

Tsiku lina ndinapita kukaona wophunzira wathu wina amene anali kuyeserera nchito ya uphunzitsi pa sukulu ina ya kumudzi. Phunziro linali la Cinyanja m'Giredi 3, ndipo mutu wake unali ziwiya za pakhomo. Mnyamatayo anakonzekera bwino. Analemba mau asanu pa bolodi: mtondo, munsi, licero, nkhali ndi mphero. Pambali pa liu lililonse anajambula cithunzi ndi coko. Ana anachula mauwo pamodzi katatu, nawakopera m'mabuku ao. Potsiriza iye analoza cithunzi ca mphero nafunsa kuti, "Kodi ici n'ciani?" Mtsikana wina anaimika dzanja nati, "Ndi buledi, aphunzitsi." Anzake anabvomereza. Titatuluka panja, ndinaona kuti kuseri kwa sukulu, pakhomo pa agogo ena, panali mphero yeniyeni patsinde pa mtengo wa mango, mwanamphero ali pamwamba pake. Sipanali patali, munthu akanatha kuwaitana agogowo ali ciimire pakhomo pa kalasi.

Inu amene mukonzekera kukhala aphunzitsi, ganizo langa ndi ili: mwana ayambe waona cinthu, acigwire, aseŵere naco, ayesenso kucipanga, ndipo pambuyo pake alembe dzina lake. Mukayamba ndi dzina, mwana adzaliloweza, koma lidzakhala ngati cikho cosweka cimene sicitunga madzi. Nkhaniyi si yaing'ono. Zigayo zalowa m'malo mwa mphero, ndipo zigubu zalowa m'malo mwa mitsuko. Cinthu cikacoka pakhomo, mau ake amacoka naco pamodzi. Mwana amene sanaonepo mai ake akukonola sadziwa kusiyana kwa kukonola ndi kutibula, kapena kwa mphale ndi gaga. Ngati sukulu siisamala, tidzakhala ndi ana odziwa kukopera Cinyanja koma osadziwa kucilankhula mwakuya.

Zimene nyumba zosungiramo zinthu zakale zitiphunzitsa

Dziko lathu lili ndi nyumba zingapo zosungiramo zinthu zakale, zimene ambiri amazicha miyuziyamu. Yakale koposa ndi ya ku Livingstone, imene inayamba mu 1934. Ya ku Lusaka inatsegulidwa mu 1996. Ziliponso zina ku Ndola, ku Choma ndi ku Mbala. M'nyumba zimenezi muli maphunziro atatu amene mphunzitsi ayenera kutolapo.

Loyamba ndi lakuti cinthu cimawerengeka monga buku. Mu 2019, pafupi ndi mathithi a Kalambo, akatswiri anafukula mitengo iwiri imene inasemedwa kuti igwirane. Zotsatira za kufufuza kwao zinalengezedwa mu 2023: mitengoyo inasemedwa zaka zosacepera 476,000 zapitazo. Panalibe colembedwa ciliconse pambali pake. Akatswiriwo anawerenga zipsera zimene zida za mwala zinasiya pa mtengo. Mwana wa Giredi 4 angacitenso cimodzimodzi ndi mpini wa khasu. Mfunseni cifukwa cake mpiniwo uli wosalala pena ndi wokakala pena. Akayankha kuti posalalapo ndi pamene manja amagwira, ndiye kuti wayamba kuganiza ngati wofufuza, ndipo wanena ganizo lakelo m'cinenero cake.

Laciwiri ndi lakuti cifanizo ca cinthu cimaphunzitsanso. Cigaza cochuka cimene cinapezeka mu mgodi wa ku Kabwe mu 1921 cinatengedwa kupita ku London, ndipo cimene alendo amaona ku Livingstone ndi cifanizo cake cabe. Komabe ana amaima pamenepo ndi cidwi, nafunsa mafunso. Conco musanyoze kang'oma kadothi kapena kankhokwe kamapesi kamene mwana wapanga.

Lacitatu ndi lakuti nchito yaikulu imayamba ndi munthu mmodzi wosonkhanitsa. Miyuziyamu ya Moto Moto ku Mbala inayamba ndi zinthu zimene wansembe wina wa ku Canada, Bambo Jean-Jacques Corbeil, anasonkhanitsa m'midzi ya kumpoto kwa zaka zambiri. Inakhala miyuziyamu ya dziko mu 1974. Iye sanayambe ndi nyumba yaikulu. 

Ngati sukulu yanu ili pafupi ndi imodzi ya nyumbazi, pitani nao ana. Koma yambani mwapitako nokha. Sankhani zinthu zitatu kapena zinai zokha, ndipo konzani mafunso a zinthu zimenezo. Ana oyendetsedwa mothamanga m'zipinda zonse amabwerako atatopa, ndipo cimene amakumbukira ndi basi imene anakwera.

Miyuziyamu ya m'kalasi mwanu

Ambiri a inu mudzatumizidwa ku Lundazi, ku Chadiza, ku Katete kapena ku Petauke. Kucokera ku Chipata kufika ku Livingstone ndi ulendo woposa makilomita 1,000, ndipo makolo ocepa okha angathe kulipira ulendo wotere. Apa kumbukirani mau a akulu akuti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Pangani miyuziyamu yanu pangodya ya kalasi.

Simufunika ndalama. Thandala la nsungwi kapena makatoni awiri akwana. Pemphani ana kuti aliyense abwereke cinthu cimodzi kunyumba, makolo atalola: cikho, mthiko, cipande, nsengwa, mono, diwa, kasemasema, nkhata, kalimba. Cinthu ciliconse cikhale ndi kapepala kolembedwa ndi mwana amene wacibweretsa. Pakapepalapo alembepo dzina la cinthu, cimene anacipangira, nchito yake, ndi amene amacigwiritsa nchito. Taonani kuti kapepala kameneka ndi cimangirizo cacifupi, ndipo mwana amakalemba mosamala cifukwa adziwa kuti anzake adzakawerenga. Sungani buku lolembamo zobwereka zonse, ndipo bwezani cinthu ciliconse pa tsiku limene munalonjeza. Nkhwangwa yobwereka sicedwa kuguluka. Mukaswa mtsuko wa agogo osapepesa, mudzi wonse udzakumanani zinthu caka camawa.

Pangodya imeneyi mungaphunzitsirepo pafupifupi mbali zonse za Cinyanja. Pophunzitsa magulu a maina, mwana anyamule cinthu nanena kuti "mtondo uwu, mitondo iyi, licero ili, malicero awa, cikho ici, zikho izi." Pophunzitsa aneni, ana aonetse ndi manja kusinja, kupeta, kusefa, kupera ndi kubvundula. Pophunzitsa kulongosola zinthu mwa ndondomeko, afotokoze ulendo wa cimanga kucokera m'nkhokwe kufikira m'mbale: kutonongola, kukonola, kupeta gaga, kubviika mphale, kutsuka, kutibula, kuyanika ufa. Itanani nkhalamba ya m'mudzi kuti idzayankhe mafunso amene ana akonzeratu. Mudzaona kuti mwana amene amakhala duu m'kalasi amamasuka pamene cinthu cili m'manja mwake ndi ca kwao.

Maseŵera si kutaya nthawi

Aphunzitsi ambiri amaona maseŵera ngati mphotho ya Lacisanu masana, nchito yeniyeni itatha. Ine ndikana. Kwa mwana wamng'ono, kuseŵera ndiyo njira imene amaphunzirira asanadziwe n'komwe kuti kuli sukulu.

Taonani nsolo. Mwana asanaike dzanja m'dzenje, amawerenga njere mumtima, naona pamene njere yotsiriza idzagwera. Amenewo ndi masamu ndi kuganiziratu za mtsogolo. Taonani ciyato. Mtsikana amaponya mwala m'mwamba, natulutsa miyala m'bwalo, naibweza kusiyako umodzi, kenaka iwiri, kenaka itatu. Iye ali kucotsera ngakhale sanamvepo liu lakuti kucotsera. Nchito yanu ndi kuika mau pa zimene manja ake adziwa kale. Auzeni ana afotokoze malamulo a ciyato kwa mlendo wosawadziwa, poyamba pakamwa, kenaka polemba. Adzakangana pa za cimene ciyenera kuyamba kunenedwa, ndipo mkangano umenewo ndilo phunziro la kalembedwe.

Taonaninso masanje. Pa masanje ana amagawana maudindo: uyu ndi tate, uyu ndi mai, uyu ndi mlendo. Amaodira, amalonjerana, amalankhula mwaulemu monga amvera kwa akulu. Bweretsani masanje m'kalasi. Lero pakhale msika, mawa bwalo la amfumu loweruza mlandu wa mbuzi zimene zadya cimanga ca mwini. Mwana amene ali mfumu ayenera kumvetsera mbali zonse ziwiri; amene ali mboni ayenera kulongosola zimene anaona. Kumva ndi kulankhula simungakuphunzitse bwino koposa pamenepa.

Mwana apange cake

Kubwereza zimene ena anapanga sikukwanira. Mwana ayenera kupanganso zake. Ana athu amaumba ng'ombe zadothi, amapinda magalimoto a mawaya, amamanga mpira wa mapepala. Luso limeneli limatsala panja pa kalasi ngati nsapato zamatope. Liloleni lilowe. Mwana akaumba ng'ombe, aipatse dzina, anene mwini wake ndi kumene inasocera dzulo. Nthano yayamba pamenepo.

Citani cimodzimodzi ndi zilapi. Ana akatha kuponyerana zilapi zimene anamva kwa agogo, apeke zao za zinthu zili pangodya paja. M'kalasi ina mwana anaponya cilapi ici: "Ndibvinitsa ana anga, opepuka athawa, olemera atsala." Anzake anabvutika kufikira wina anayang'ana pathandala nafuula kuti, "Licero!" Mwana wopeka cilapi cotere waona cinthu mosamala, wacifanizira ndi cina, wasankhanso mau ocepa oyenera. Wolemba ndakatulo amacita zomwezo.

Zimene ena adzakuuzani

Mukafika pa sukulu mudzamva zotsutsa, ndipo zina ndi zomveka. Ena adzati nthawi ndi yocepa, silabasi ndi yaitali, ndipo mayeso a kumapeto kwa pulaimale safunsa za nsolo. N'zoona. Koma mayeso amafunsa mwana kuti awerenge ndime ndi kuimvetsa, ndipo mwana sangamvetse ndime yodzala ndi mau amene alibe cithunzi cake m'mutu. Njira imeneyi siwonjezera mutu watsopano pa silabasi. Ndi kaphunzitsidwe kena ka mitu imene ilimo kale.

Ena adzati ana ndi oculuka. Kuyambira mu 2022, pamene boma linakhazikitsa maphunziro aulere kufikira ku sekondale, makalasi ambiri adzaza. Limeneli ndi bvuto lenileni, ndipo sindinena kuti maseŵera adzalithetsa. Koma m'kalasi yodzaza, buku limodzi limagwiridwa ndi ana ambiri, pamene miyala, dothi ndi mapesi zimakwanira aliyense. Gawani ana m'magulu, gulu lililonse likhale ndi mtsogoleri ndi nchito yake yodziwika. Phokoso lidzakhalapo, conco auzeni akulu a sukulu pasadakhale, ndipo ngati kungatheke tulukani panja pansi pa mtengo.

Cotsutsa cacitatu ndico cofunika kucimvetsera koposa. Maseŵera opanda colinga ndi kutaya nthawi ndithu. Ngati simungathe kulemba m'cikonzekero canu cimene ana adzadziwa akatha kuseŵera, musawaseŵeretse. Phunziro lililonse lotere lithere pa kulankhula, kuwerenga kapena kulemba.

Cenjezo

Si cinthu ciliconse cakale cimene ciyenera kulowa m'kalasi. Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamlemekeza mu 2005 monga cuma ca anthu a ku Malawi, Mozambique ndi Zambia, ali ndi eni ake ndi malamulo ake. Musatume ana kukatenga za kudambwe, za kucinamwali kapena za kumanda, ndipo musawafunse kuulula zimene mwambo ubisa. Mukakayika, funsani amfumu ndi makolo. Kumbukiraninso kuti m'kalasi mwanu muli ana a mipingo yosiyanasiyana. Musakakamize mwana kugwira cinthu cimene kwao amaciletsa.

Cimodzimodzi, malo akale monga mapanga a zojambula pamiyala a ku Thandwe, kufupi ndi Chipata, ndi otetezedwa ndi lamulo la 1989 losamala cuma ca makolo. Mukapita nao ana kumalo otere, asakhudze zojambulazo, asathirepo madzi, asalembepo maina ao, ndipo asatolepo kanthu. Akajambule zimene aona m'mabuku ao. Miyuziyamu ya m'kalasi ndi ya zinthu zobwereka kwa eni ake ndi zopanga ana, osati zofukula.

Wophunzira uja ndinamuuza zonsezi tili panjira. M'mawa mwake anapita kukaodira kwa agogo aja, ndipo iwo analola. Ana anagwada mmodzimmodzi, napera mawere pang'ono, manja atayera. Atabwerera m'kalasi analemba ziganizo zitatu aliyense. Mtsikana uja analemba kuti mphero ndi mwala waukulu umene sucoka pamalo pake, ndi kuti mwana wake ndiye amayenda.

Zocita

Musanapite ku sukulu yoyesererako kuphunzitsa, lembani zinthu khumi za pakhomo panu zimene mungaike pangodya ya kalasi. Pa cinthu ciliconse lembani aneni atatu amene amayenda naco. Kenaka sankhani seŵero limodzi limene munali kuseŵera muli ana, ndipo konzani phunziro la Cinyanja la mphindi 30 locokera pa seŵerolo.