Kodi tidzadya kopa?

Mu 1967, Zambia, Chile, Peru ndi Congo anakumana ku Lusaka n'kukhazikitsa CIPEC, bungwe la maiko odalira kopa. Ife ndi Chile tinali m'gulu limodzi. Lero Chile akukumbabe kopa wambiri kuposa dziko lina lililonse, koma akugulitsanso vinyo, mphesa, macheri ku China, ndipo pa nsomba za salmon akungotsatira Norway.

Nanga ife? Mtengo wa kopa utagwa mu 1975 tinalowa m'ngongole. Mu 2020 tinalephera kubweza ngongole. Mpaka lero pafupifupi 70 peresenti ya ndalama zakunja ikuchokerabe ku kopa, ndipo mankhwala a boma ndi oti tifike matani 3 miliyoni pachaka pofika 2031. Kopa yemweyo!

Anzanga a m'tauni, bwerani kuno ku Lundazi nthawi yokolola. Alimi amaimba foni ku wailesi akudandaula: nshawa, soya ndi mpendadzuwa zikupita kwa mavenda pamtengo wozizira, thonje likutuluka popanda kusanduka nsalu, inu n'kumavala salaula. Musandiuze kuti mlimi ndi waulesi. Nshawa zathu zikanatuluka m'mabotolo ngati chiponde, fakitaleyo ikanalemba ntchito inuyo amene mukuyendayenda ndi masatifiketi mu Cairo Road.